Ladidi ndi Mafuta a M'tinsomba

Tsiku limene a Alhaji Bawa anamuponyera matumba ake kunja kwa chigayo, Ladidi anali atalephera kale mayeso a sayansi kawiri. Chimene chinamutsalira n'kuyanika tinsomba ta m'nyanja ya Kainji pamchenga, n'kumagulitsa kwa ogaya chakudya cha nkhuku ndi milamba.

A Alhaji, eni chigayocho, anatapa tinsombato n'kununkhiza.

"Mwana wanga, mafuta ake aola. Ukufuna undiphere nkhuku za eni?"

"Komatu tauma bwinobwino, a Alhaji."

"Nsapato yanganso ndi youma. Ndiigaye?"

Amayi anzake ogulitsa tinsomba anaseka. Ladidi anasenza matumbawo kubwerera kwawo, ndipo mlungu umenewo iye ndi mayi ake anakhalira phala la mapira lokha.

Kusekedwako sikunamuvute kwenikweni. Chimene chinamukhala pamtima n'chakuti kansomba kochepa ngati chala kangakhale ndi mafuta oti n'kuola. Anapita ku tauni ya New Bussa kwa a Malama Talatu, mayi wasayansi woyeza nsomba, n'kupempha ntchito yotsuka mabotolo. Ali komweko anamva kuti mafutawo ngamitundumitundu. Ena ndi olimba. Ena ndi ofewa, ndipo ndi amene amathandiza ziweto kukula bwino, koma sachedwa kuwonongeka ndi kutentha komanso chinyezi.

Anasiya za pamchenga, anamanga thandala la ukonde. Mvula yoyamba inaligwetsa. Anamanganso. Mayeso aja analembanso, ndipo analepheranso.

"Iwe, ukalamba ndi pensulo m'manja," anatero mayi ake. "Anzako akubereka ana kumbuyo."

"Ndamva, amayi," anayankha. M'mawa mwake anakalembetsanso.

Chaka chotsatira anakhoza, koma mokwawa.

Lero Ladidi ndi amene amayeza mafuta a m'tinsomba ta m'madoko angapo, n'kumauza opanga chakudya cha ziweto miyezi imene tinsombato timakhala ndi mafuta abwino. Amayi ambiri a kudoko kwawo anatengera mathandala ake, ndipo ogula amachita kuwalondola. Mayi ake amauza aliyense wobwera pakhomo kuti ndi iwo anamulimbikitsa. Ladidi sawatsutsa.

Inu mukuwerenganu, mwina abale anu anatopa kale kukudikirirani. Asiyeni atope, ndi anthu. Inu nokha musagwe mphwayi.