Madamu Ali Pafupi

Amalawife tili ndi ulesi umodzi wosiririka: mawu akatalika timawadula miyendo. Blantyre tinaisandutsa BT, Lilongwe LL. Mkazi wa m'nyumba ndi MG1, pomwe wobisidwa uja ndi MG2, kutengera nambala za magalimoto a boma. Khalidwe limeneli tinawoloka nalo malire mpaka ku Joni. Ku Bertrams, komwe ndinkachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ina yakale, tinali ndi ZBB, kutanthauza Zili Bwino Basi, yankho lopatsa abale akumudzi ngakhale denga likudonthera pabedi penipeni. Koma mawu amene anatigwira tonse ngati chimfine chaka chimenecho anali MAP.

MAP ndi Madamu Ali Pafupi. Ambirife tinkagwira ntchito m'nyumba ndi m'magadeni a ku Fourways, ndipo foni ikalira bwana ali pompo, unkangolemba zilembo zitatuzo, woimbayo n'kudziwa kuti adikire. Posakhalitsa mawuwo anapitirira madamu. Landilodi akatulukira, MAP. Apolisi akaima pakona, MAP. Bambo wina wa ku Dedza ankanong'ona MAP akaona mkazi wake akutsika takisi, botolo n'kuthawira kuseri kwa mwendo. Ine pakamwa panga sipachedwa kutola zinthu zoterezi, moti ndinkawatchula ngakhale mphaka wa eniake akalowa m'khitchini.

Lamulungu masana azimayi tinkakumana pa benchi ina ku Joubert Park, kulukana tsitsi, kukukuta chimanga chootcha ndi kujeda mabwana. Pakati pathu panali mayi wina wa ku Machinga, Msilamu, wamkulu kwa tonsefe, yemwe tinkangomuti Achemwali. Iwowa ndi amene anandichingamira ku Park Station tsiku lomwe ndinatsika basi miyendo itatupa. Anandigoneka pa matiresi awo, anandipezera ntchito, anandiphunzitsanso kuimitsa takisi ndi chala kuti ndisakathere ku Soweto. Tsono MAP itafika pa benchi yathu, Achemwali anayamba kuchepa mawu. Wina akaitchula ife n'kufa nalo phwete, iwo ankayang'ana nkhunda. Kenako anasiyiratu kubwera. Ndikawaimbira ankangoti zili bwino basi, ngati ndine wakumudzi woti n'kunamizidwa. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ku Joni munthu wokusamala ngati mayi ako sapezeka kawiri.

Ndinaganiza kuti mwina mawuwo anachokera pa nkhani yolaula imene iwo ankaidziwa, ife tikungoseka ngati ana. Ndinati ndifufuze komwe anabadwira. Akapezeka onyansa tiwataye, Achemwali abwerere pa benchi.

Amene anawabweretsa kwa ife anali mayi wa ku Ntcheu wogulitsa masokosi pafupi ndi paki. Iye anati anawamva kwa telala wa ku Mangochi, wosokera pakhonde mumsewu wathu womwewo. Telalayo nditamufunsa sanaimitse n'komwe makina.

"Amenewo ndi anga, sisi. Ndinawapeka ndekha, pampando pomwe pano."

"Inu madamu munamuonera kuti, chikhalirecho mumadzilemba nokha ntchito?"

Anaseka mpaka ulusi unaduka. Ndinapeza kuti mwana ameneyu aliyense ankafuna kukhala bambo wake. Dalaivala wina ankalumbira kuti anachokera kumigodi, nthawi ya chilankhulo chija cha Fanakalo, ngati kuti agogo athu ankatumizirana mauthenga pansi pa nthaka. Pomaliza telala uja anavomera kuti anawatola kwa bambo wina wachikulire wosamala gadeni, amene ankapemphera naye kumzikiti Lachisanu.

Bamboyo ndinakamupeza nthawi ya nkhomaliro pageti la esiteti ina ya nyumba za anthu olemera, osati patali ndi pomwe ndinkagwira ntchito. Anali atakhala pa ndowa yovundikira, akudya buledi ndi tiyi wa m'botolo.

"Si ine, mwananga," anatero. "Kalekale ndinkagwira yadi imodzi ndi mayi wina wa kwathu ku Machinga. Ndinamuona akulemba, ndinafunsa, ndinaseka, ndinapita nazo kwa anzanga. Wamfupi, wampata kumano, amakhala kwanu ku Bertrams konko."

Ndinadziwa pompo kuti akunena Achemwali. Iye anandiyang'ana kanthawi, n'kutseka botolo lake. "Mukakawafunsa, mukafunse mofatsa."

Loweruka masana ndinagogoda kwa Achemwali. Ndinawapeza akusankha nyemba pa thireyi. Anandipatsa mpando, anandifunsa za ana anga kumudzi, kenako ndinawauza komwe ndayenda.

"Iwe," anatero, "wazungulira Joni yense kufunafuna chinthu chili pakhomo pako."

Anafotokoza osasiya kusankha nyembazo. Nthawi imeneyo ankagona kuntchito komweko, ndipo madamu wawo sankafuna kuona foni m'manja mwa wantchito. Sanali munthu woipa, iwo anatero, lamulo lake linali limenelo basi. Mng'ono wawo kumudzi ndiye ankaimba, kuti amayi awo okalamba amveko mawu a mwana wawo. Foni inali ya mabatani ija. M, A ndi P chilichonse chinkangofuna kudina kamodzi, moti ankalemba foni ili m'thumba la epuloni, maso ali pa mbale. Pofotokoza, chala chawo chachikulu chinkadina pa bondo.

"Ndinkadziyesa wochenjera. Amayi ankaseka nazo. Ankati, uzimuuza madamu wakoyo azikhalako patali."

Tsiku lina m'mawa kunyumbako kunali alendo. Foni inanjenjemera m'thumba, iwo analemba MAP. Inanjenjemeranso, analembanso. Anati adzaimba akaweruka. Amayi awo anali atadwalika mwadzidzidzi ndipo ankaitana dzina lawo. Mng'ono wawo, poona zilembozo, anaopa kuwachotsetsa ntchito, anasiya kuimba.

"Ukudziwa ife maliro sitigoneka. Pomwe ndinkaimba madzulo, azibambo anali atabwerako kumanda. Mawu omaliza amene amayi anawerengeredwa ochokera kwa ine ndi amenewo."

Walira mvula walira matope. Ndinafuna kudziwa, ndinadziwa, ndipo ndinalira ngati maliro achitika dzulo. Iwo ndi amene anandipatsa nsonga ya chitenje kuti ndipukute m'maso. Ndinawauza kuti mawa lomwe ndikauza anzanga, mawuwo asamvekenso pa benchi.

"Ayi, usakawauze. Anthu akhale opanda choseka ku Joni kuno? Alekeni aseke. Ine ndi amene makutu anga sanazolowere." Anakankhira nyemba zofumbwa pambali. "Koma iweyo, amayi ako alipo. Foni ya kumudzi ikalira, uziyankha. Ntchito ndinakupezera ndine, ikatha ndidzakupezera ina."

Lamulungu limenelo sanabwere, ndipo ine sindinauze munthu.

Mkati mwa sabata ndinkasita malaya, madamu wanga ataima pakhomo la chipindacho akundiuza za makatani. Foni inanjenjemera. Inali nambala ya amayi. Chala changa chinapita chokha pa M, mwa chizolowezi. Ndinaimika simbi, ndinapepesa kwa madamu, ndinayankha. Madamu anangokweza nsidze n'kutuluka.

"Mwadzuka bwanji amayi? Kwagwanji?"

"Palibe chagwa. Mbuzi yako ija yaswa awiri. Ndimati ndikuuze usanamve kwa ena."

Madzulo ake ndinadutsira kwa Achemwali ndisanafike kwanga. Ndinawauza kuti ndayankha foni madamu ali pakhomo penipeni, thukuta lili kamukamu, chifukwa cha mbuzi. Anaseka mpaka mpata wa kumano uja unaoneka wonse, kuseka komwe ndinali nditakusowa miyezi yambiri. Anafunsa ngati tianato ndi taamuna kapena taakazi. Ndinati sindinafunse. Anati ndine wopusa, ndiimbenso pompo, iwo ali pafupi. Ndinaimba, ndipo amayi atayankha Achemwali anatambasula dzanja, ndinawapatsa foni. Analankhula ndi amayi anga nthawi yaitali, za mvula, za mbuzi, za miyendo yowawa. Ankawatchula kuti amayi.

Lamulungu lotsatira ndinawapeza pa benchi asanafike wina aliyense, atayala kale chitenje pa malo anga. Mayi wa masokosi uja atangoona wapolisi akudutsa anakuwa MAP, onse n'kuseka. Achemwali sanaseke, komanso sanayang'ane nkhunda. Anandikoka mutu n'kuyamba kumasula tsitsi langa, akudandaula kuti amene anandiluka sabata zapitazo alibe chisoni.