Chinangwa Chimene Ndinaviika Kuseri kwa Sefa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinasamutsitsa nkhalamba panyumba pake, ndipo ndinachita zimenezi osatsegula n'komwe pakamwa. Ndakula tsopano, ndili ndi ana anga, koma manyazi ake sanandichoke.

Tinkakhala pakomboni ya famu ina kufupi ndi tawuni ya Shamva, kunja kwa Malawi. Agogo anachokera ku Nkhotakota kudzalima fodya wa mzungu, bambo anabadwira pompo, inenso chimodzimodzi. Kumtunda kwa famuyo kunali damu. Ngalande ya simenti inkatenga madzi padamupo kukawathira m'kathanki, ndipo m'kathankimo munali kukamwa kwa paipi yaikulu yotsikira kukanyumba ka njerwa kumunsi. M'kanyumbamo munali tabaini, makina amene madzi akawazunguza amapanga magetsi. Ine ndinabadwa makinawo atafa kale. Munkagona mileme basi, ndipo amayi apakomboni anasandutsa kathanki kaja malo oviikamo chinangwa cha kondowole, poti madzi ake anali oyera, odekha, komanso pafupi.

Famu itagawidwa kwa alimi atsopano, ife apakomboni tinangotsala ngati nkhuku zopanda khola. Magetsi a boma ankati akazima m'mawa, kubwera kwake mawa. Bambo, amene kale anali makaniko wa mathirakitala, anapita kukomiti ya alimiwo kukawauza kuti tabaini ija itha kudzuka n'kuyendetsa chigayo. Anasekedwa kaye, kenako anawalola. Miyezi inayi anakhalira kupala dzimbiri, kumata ming'alu ya ngalande, kusakasaka lamba ndi mabawuti m'magalaja a ku Bindura. Ankabwera kunyumba manja ali bii, akununkha girizi, koma akuimba mluzu.

Panali Sekuru Zuze (sekuru ndiye agogo m'chiyankhulo cha kumeneko), mkulu wa ku Tete, wamfupi, wa mano awiri okha kutsogolo. Akazi awo anali atamwalira ndipo ankakhala okha m'kanyumba ka zipinda ziwiri pafupi ndi damu. Nyumbayo inagwera m'munda wa mlimi wina amene ankaifuna kuti azisungiramo feteleza. Bambo ndiwo anawayankhulira kukomiti kuti apatsidwe ntchito yochotsa masamba ndi zinyalala pasefa yachitsulo imene anaika polowera madzi m'kathanki. Komiti inavomera kuti malinga akuyang'anira sefayo, nyumba ndi yawo. Aliyense ankadziwa zimenezi, ngakhale ife ana.

Bambo analengeza kutchalitchi, n'kubwerezanso pakhomo pathu, kuti zoviika chinangwa m'kathanki zatha. Chilichonse chimene chili kuseri kwa sefa, paipi idzachimeza. Wofuna kuviika apite kumtsinje.

Lachisanu lina amayi anandisenzetsa thumba la chinangwa chosenda kuti ndikaviike kumtsinjeko. Dzuwa linali likuswa mtengo, mtsinje uli kutali, anzanga akusewera phada pabwalo. Ndipo ine ndinali mwana wodziona wochenjera, mayi wanga ine! Ndinamva kuti makina adzawayatsa sabata yotsatira, ndiye ndinati masiku atatu okha alakwanji. Ndinadikira Sekuru Zuze apite kukadyetsa nkhuku zawo, ndinamiza thumbalo kuseri kwa sefa, n'kulimangirira kuchitsulo chapansi pamadzi ndi kansalu kong'ambidwa ku chitenje chakale cha amayi. Ndinathamangira ku phada mtima uli mbee.

Lamba amene bambo ankamudikira anafika Loweruka pa minibasi. Lamlungu titangoweruka kutchalitchi, anati ayese makinawo pomwepo, ndipo anthu onse anakhamukira kukanyumba kaja. Ndinafuna kuthamangira kumtunda, koma amayi anandiberekesa mng'ono wanga, ndiponso pakathanki panali kale amuna otsegula madzi. Ndinangoima n'kumapemphera kuti kansalu kaja kalimbe.

Madzi anaomba m'paipi, pansi pananjenjemera, babu limene bambo analipachika pakhomo linayamba kufiira, kenako linawala masanasana. Amayi anaimba nthungululu. A tcheyamani a komiti anawagwira bambo chanza ndi manja awiri. Sipanathe nthawi, m'makinamo munamveka kugunda, kenako kukukuta, babu lija n'kuzilala. Bambo anakuwa kuti atseke madzi. Atamasula chivundikiro, fungo la chinangwa chonyowa linatuluka, ndipo anasolola thumba long'ambikang'ambika litazengerera pagudumu. Mapiko awiri a gudumulo anali atapindika.

Alimi atsopano aja saviika chinangwa, ndiye sanavutike kuloza chala. Mawu oti mabwidi, amene amatinena nawo ife a ku Malawi, anamveka kangapo. Koma pakomboni nyumba iliyonse inkaviika, ndipo thumba la feteleza n'lofanana paliponse. A tcheyamani anaitana Sekuru Zuze n'kuwafunsa kuti thumbalo ndi la yani.

Sekuru anali atatsika kuchokera kukathanki, kansalu kaja kali m'manja, kakudontha madzi. Chitenje chimenecho ankachidziwa bwino, poti amayi ankandimangira nacho mbale ndikamawapititsira ndiwo. Anandiyang'ana kamodzi kokha, osati mwaukali, n'kukalowetsa m'thumba la jekete.

"Mwini wake sindikumudziwa," anatero. "Ine ndinayang'ana kutsogolo kwa sefa, kuseri sindinayang'ane. Kulakwa n'kwanga."

Apo m'pamene ndikanayankhula. Mawu ake anali ochepa: ndine ndinaviika. Bambo akanandikwapula, anthu akanandinena sabata imodzi, basi. Koma ndinayang'ana nkhope ya bambo, ndinayang'ana khamu lija, ndipo ndinaweramitsa mutu n'kumatonthoza mwana amene sankalira n'komwe. M'mawa mwake ndinauza amayi kuti chinangwa chathu achiba kumtsinje.

Komiti inagamula kuti nkhalambayo maso atha, ntchito apatsidwe wina. Bambo anachonderera, koma nawonso anali atachita manyazi pamaso pa anthu, mawu awo sanalemere. Patatha sabata ziwiri Sekuru anakweza katundu wawo pangolo ya ng'ombe, akuti akupita kwa mphwawo kumigodi. Chimene chimandiwotcha kwambiri n'chakuti ine ndemwe ndinawanyamulira dengu la nkhuku mpaka pamsewu. Ndinayenda pambuyo pawo njira yonse. Atalandira dengulo anandisisita kumutu.

"Zikomo, mzukulu. Uziwathandiza bambo ako, ntchito ija ndi yabwino."

Makina anadzukadi. Chigayo chinayamba kulira, kusukulu kunayaka magetsi, ndipo anthu amene ankatitukwana aja ankabwera ndi chimanga chawo akumwetulira. Ine ndinkadwala ndikamva phokoso lake. Patatha mwezi ndinalephera kupirira. Ndinawapeza bambo m'mawa akuthira girizi m'kanyumba kaja, ndipo ndinaulula zonse, ndikulira mamina ali chuchuchu.

Ndinkayembekezera lamba. Sanandimenye, ndipo bola akanandimenya. Anapukuta manja pang'onopang'ono, nthawi yaitali.

"Esinati, mapiko aja ndinawongola masiku atatu," anatero. "Nanga munthu uja ndimuwongola bwanji?"

Tsiku lomwelo anapita nane kwa a tcheyamani, ndipo ndinabwereza zonse nditagwada. Mkuluyo anapukusa mutu, nati pepani, koma nyumba ija inali itadzaza kale matumba mpaka kudenga. Ananena kuti Sekuru akabwerera adzawapezera pena. Bambo anayenda migodi itatu kuwafunafuna. Kwina ankati anadutsa, kwina ankati anawoloka kupita kwawo ku Tete. Sitinawaonenso.

Kwa zaka zambiri ndinkadzinyenga kuti tchimo langa linali ulesi, kuopa mtunda wopita kumtsinje. Ayi ndithu. Ulesi unapinda zitsulo ziwiri zokha, ndipo mwana aliyense akanatha kulakwa choncho. Tsopano ndimamvetsa kuti Sekuru atabisa kansalu kaja anandisiyira mpata woti ndidziululire ndekha, ndipo anandidikira sabata ziwiri zathunthu, akumanga katundu wawo pang'onopang'ono. Ine ndinaona kukoma mtima kwawo n'kubisalamo. Mayeso anga onse ndinawerengera pa magetsi a makina amenewo, ndinakhoza, ndinapeza ntchito, ndili ndi nyumba yangayanga ku Norton. Kumene munthu amene anataya yake chifukwa cha ine anakagona, mpaka lero sindikudziwa.