Chaka Chimene Adada Anagula Firiji

Ndikukumbukira chaka chimene Adada anagula firiji, chifukwa ndicho chaka chimene Nsungwi yonse inatulukira kuti ndife banja lokhwima. Tinkachita lendi kanyumba kena kuseri kwa msika wa Nsungwi ku Area 25, ife anthu a ku Rumphi: Adada, Amama, ine Lusungu, ndi mlongo wanga wamng'ono Wongani. Firijiyo inali yakale, yachikasu ngati mano a munthu wosuta fodya, ndipo chitseko chake tinkachimanga ndi mphira kuti chisamatseguke chokha. Inabwera pa wilibala. Amama ankafuna kumaziziritsamo timadzi totsekemera ta m'mapepala, togulitsa kwa ana a sukulu.

Wongani anali atafika msinkhu woyamba sukulu, koma sankalankhula ngati anzake. Mawu anali nawo ndithu, kungoti ankawaumira. Sankayang'ana munthu m'maso. Akakondwa ankakupiza manja, ndipo akamva chigayo kapena kondakitala akuitanira ankatseka makutu n'kukhala pansi pomwepo, ngakhale pakati pa msewu. Firiji itabwera anapeza bwenzi. Ankakhala pasimenti, tsaya atatsamiritsa m'mbali mwake, n'kumamvetsera kulira kwake kwapansipansi, iyenso akung'ung'udza motsanzira. Sindinamuonepo ali pamtendere chonchi.

Mayi eni nyumba anamuona tsiku lina atabwera kudzapempha moto, iwo atasiya mbaula ikuyaka kwawo. Pofika madzulo nkhani inali itapsa kumpopi. Ankati Adada anapereka nzeru za mwana kwa sing'anga kuti alemere, ndipo nzeruzo akuzisunga m'firiji, n'chifukwa chake mwana sachokapo, akuzilirira. Ine nditamva ndinakondwa pang'ono, chifukwa nsapato zanga za kusukulu zinali zitayasamula ndipo ndinaona kuti chumacho chafika pa nthawi yake. Ndinadikira, koma Adada anapitiriza kupita ku ukalaliki wawo ndi jekete limodzi lomwelo. Azimayi analetsa ana awo kugula kwathu. Kukhwima kwathu kunali kwa mtundu wakewake, kochotsa ndi zochepa zomwe tinali nazo.

Adada anali dikoni kutchalitchi, munthu wosamala dzina kuposa mimba. Miseche ija inawadya, mpaka anatumiza uthenga kumudzi. Kunabwera Ankhazi, mlongo wawo wamkulu, atanyamula thumba la nyemba ndi chigamulo chophikaphika. Ndinamva ndikutsuka mbale kuti mwana apemphereredwe anthu akuona, ndipo akapanda kusintha apite naye ku Rumphi, kumene kulibe anthu omuyang'ana. Zikuoneka kuti kumudzi anthu analibe maso. Ine mtima unandiwawa, chifukwa Ankhazi ndinkawadziwa. Anali ndi munda, mbuzi ndi zidzukulu, ndipo mwana wothawa phokoso akanamumangirira pakhonde ndi chitenje kuti asasochere. Akanatero mwachikondi ndithu.

Mapemphero a kutchalitchi kwathu Ankhazi anawaona kuti ndi ozizira, choncho anakapeza gulu lina lodziwa kuopseza ziwanda. Linafika Loweruka masana ndi ng'oma ndi zisekese. Chitseko anachisiya chotsegula kuti oyandikana nafe achitire umboni, ndipo iwo sanachite kuitanidwa kawiri. M'nyumba munanunkha thukuta ndi mafuta odzola, malata akuthetheka ndi dzuwa. Choyamba mkulu wa gululo anazimitsa firiji. Kenako anakhazika Wongani pakati n'kumusanjika manja pamutu, mwana amene ngakhale wometa sankamulola kumugwira pamenepo.

Ng'oma italira Wongani anatseka makutu, iwo n'kumuchotsa manjawo kuti chiwanda chimve bwino. Anakuwa kukuwa kumene sindinakuiwale mpaka lero.

"Mwamva?" anatero mkulu uja. "Chayamba kupsa. Kwezani nyimbo."

Anakweza. Mwana akamakuwa iwo ankaona kuti ntchito ikuyenda, ndiye ankawonjezera moto. Ine ndinaima pakona ndikulira, ndikuopa kuti mlongo wanga afera pomwepo anthu akuwomba m'manja.

Amama anali mayi wofatsa, wogwada popereka madzi kwa Ankhazi. Tsiku limenelo anadzuka, nadutsa pakati pa oimbawo osapempha njira, n'kunyamula mwana wawo. Anayatsa firiji, nakhala pansi pambali pake, nafunda chitenje kumutu iwo pamodzi ndi Wongani. Nyimbo inafa pang'onopang'ono, woimba ng'oma n'kutsala yekha mpaka anachita manyazi. M'nyumba munangotsala kulira kwa firiji. Patapita kanthawi tinamva kang'ung'udzo kaja kakuchokera m'chitenjemo.

Amama analankhula ali chifundire. "Amene akufuna kupemphera apemphere chamumtima, Mulungu si gonthi. Mwanayu alibe chiwanda. Makutu akumupweteka."

"Mlamu," anatero Ankhazi, "mwana ameneyu ndi wathu. Tinapereka ng'ombe."

Apa m'pamene Amama anavundukula nkhope. "Ng'ombezo mukazitenge kwa bambo anga ngati zikadalipo. Mwanayu sakwera basi."

Kwathu kumpoto mawu otere satuluka m'kamwa mwa mkazi wolowoledwa, ndipo maso onse anapita kwa Adada kuti akonze zinthu. Adada anayang'ana nsapato zawo, kenako anayang'ana phazi la Wongani limene linkatuluka m'chitenje. "Mwamva, alongo, amake anena," anatero, n'kudzuka kukaperekeza alendo. Kulimba mtima kwa Adada kunathera pamenepo, koma kunakwanira. Mkulu wa mapemphero uja anakalengeza kuti chiwanda chatuluka mwa mwana n'kulowa mwa mayi, moti kumpopi tinakwezedwa udindo, tinakhala nyumba ya odwala awiri. Ankhazi anabwerera okha, nyemba anatisiyira.

Wongani sanachire, pakuti sankadwala. Amene tinasintha ndife. Amama anayamba kumuuziratu kumene tikupita tisananyamuke, ndipo kumsika tinkadzera njira yakuseri yolambalala chigayo. Tsitsi ankamumeta okha ndi sizasi, lero mbali ino mawa mbali inayo, moti masiku ena ankayenda ndi mutu wosatha. Kutchalitchi tinkakhala pafupi ndi khomo kuti kwaya ikatentha atuluke akapume. Amama akamufunsa kanthu ankadikira yankho osamufulumizitsa, ndipo ine wapakamwa ndikamuyankhira ankanditsina. Sukulu anaphunzira pang'ono kwa mphunzitsi wina amene anamulola kukhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Zonsezi Amama anazipeza mwa kungomuyang'anitsitsa mwana wawo.

Mawu akuti otizimu ndinadzawamva ndili wamkulu kale, pa wailesi, kenako kuchipatala kumene ndinapita naye. Ndinathamangira kwa Amama kukawafotokozera kuti pali anthu ambiri obadwa chonchi, amene ubongo wawo umamva dziko mwa njira yawoyawo. Anandimvetsera akusankha mpunga, n'kuti, "Ndiye dzina lake limenelo? Ine ndinkangoti Wongani."

Masiku ano zinthu zasintha, sindikana. Makolo a ana otere amakumana n'kumalimbikitsana, aphunzitsi ena akuphunzira, ndipo za kukhwima anthu sazinenanso kumpopi, amazilemba pafoni. Tapita patsogolo. Adada anatisiya kalekale, Amama chaka chatha, m'nyumba imene anamanga ku Area 25 komweko, mmene ine ndi ana anga tinkakhala nawo. Maliro atatha abale anakhala pansi kukambirana za katundu, ndipo atamaliza za mipando ndi mabulangete, mwana wa Ankhazi anafunsa mwaulemu wonse kuti nanga wa otizimuyu atenga ndani. Mawu atsopano anawadziwa bwino. Wina anati kumudzi kuli phee, kungamuyenere. Wongani anali pomwepo, bambo wa ndevu zake, akugudubuza ulusi wa khushoni pakati pa zala.

Ndinapsa mtima, koma ndinakumbukira kuti pa zaka zonsezi, mwa onse amene anamupangira mapulani, palibe anamufunsapo mwini wake. Ndinamufunsa kuti akufuna kukhala kuti. Iye anapitiriza kugudubuza ulusi uja. Abale anayamba kutsokomola ndi kuyang'ana mafoni, wina n'kutsegula pakamwa kuti amuyankhire, ine n'kumukwezera dzanja kuti adikire.

"Pano," anatero Wongani akuyang'ana pansi. "Ndi Lusungu."