Mpango Womaliza wa Chikho cha Asodzi

Mipango makumi anayi ndi umodzi. Imeneyo ndiyo ntchito ya moyo wonse wa Mayi Tomie Kuwabara, opeta nsalu a mumsewu wa kudoko, amene kasitolo kawo kali pakati pa wogulitsa tiyi ndi wosoka maukonde. Chaka ndi chaka ankapeta mpango wofiira wasilika, wotalika mamita awiri, woti avekedwe m'khosi kavalo wopambana mjaha wa Chikho cha Asodzi.

Mjahawu unayamba chaka chimene nsomba za iwashi zinachuluka mpaka maboti ankafika padoko atatsala pang'ono kumira. Bungwe la asodzi linasowa kolowetsa ndalama, ndiye linaika mphoto: akavalo aliwiro okhaokha, mtunda wa mamita 2,000, Lamlungu loyamba la Okutobala. Nthawi imeneyo a Tomie anali atangokwatiwa kumene. Apongozi awo, eni sitolo, maso anali atayamba kuchita chidima, choncho singano inagwera m'manja mwa mtengwa.

Asodzi anabwera ndi lamulo lawo la panyanja. Mbendera yolengeza kuti nsomba zaphedwa zambiri saitulutsa boti lisanadzaze, kuopa tsoka. Mpangonso, iwo anati, usaone bwalo wopambana asanadziwike. Ndiye chaka chilichonse a Tomie ankakhala m'kachipinda kopanda zenera, kunsi kwa mabenchi a anthu oonerera, bokosi lili pamiyendo, kudikira kuti wina agogode. Potuluka ankapeza kavalo ataima kale, ali wefuwefu, thukuta lili chuchuchu. Zaka makumi anayi ndi chimodzi, mjaha umene unkawadyetsa sanauonepo ndi maso.

Ankaudziwa ndi makutu. Akavalo akayandikira pomalizira, denga la kachipindako linkanjenjemera ndipo fumbi linkagwera mu tiyi wawo. Amakumbukira chaka cha namondwe, pamene ziboda zinkamveka ngati anthu akumenya matope ndi matabwa. Amakumbukiranso chaka chimene khamu lonse linangoti zii pakati pa mjaha, iwo n'kudziwa asanauzidwe kuti kavalo wina wathyoka mwendo. Dzina lake lilipo pamwala wokumbukira akavalo kuseri kwa makola. Kale kunkabwera anthu zikwi makumi awiri. Chaka chomaliza ankatha kumva mawu a wogulitsa chakudya cha udon akuitanira malonda ali kutsidya kwa bwalo.

Lamulo lachiwiri anaika okha. Wopambana woyamba atavekedwa, mnyamata wina wosamalira akavalo, dzina lake Denjiro, anachotsa ubweya wa kumchira umene unatsalira m'chipeso n'kuwapatsa mongoseka. A Tomie anaupota pamodzi ndi ulusi wagolide n'kuusokerera m'mphepete mwa mpango wa chaka chotsatira. Kuyambira pamenepo wopambana aliyense ankavala ubweya wa mnzake amene anapambana chaka chatha.

Nsomba zinatha pang'onopang'ono, maboti n'kumachepa. Chilimwe china bungwe linalengeza kuti Chikho cha Asodzi chathera pomwepo. Bwalo lipitiriza ndi mijaha ing'onoing'ono, koma uwu ayi. Vuto linali lakuti a Tomie amayamba kupeta chipale chofewa chisanasungunuke. Mpango wa makumi anayi ndi chiwiri unali utatha kale, ndipo m'mphepete mwake munali ubweya wakuda wa Shiranami, kavalo wamkazi amene anapambana komaliza.

Bambo wina wa ku Tokyo wosonkhanitsa zinthu zamijaha anafuna kuugula, natchula ndalama zokwana mayeni 300,000, kuwirikiza katatu zimene asodzi ankalipira. A Tomie anamuthirira tiyi, n'kumuperekeza pakhomo. Kwa iwo mpango umene sunanunkhepo thukuta la kavalo unali nsalu chabe, ndipo ankakana kuti ntchito yawo ithere m'kabati yagalasi ya munthu. Koma khosi louvala linali kuti?

Okutobala atayandikira, a Denjiro anatulukira m'sitolomo, tsopano ali nkhalamba ya dazi, akununkha udzu wouma.

"Tomie-san, mudakali moyo? Ndimayesa mwadzisokerera m'bokosi lanu lija."

"Vulani nsapato zandowezo, Den-san. Akavalo anu amapukuta mapazi kuposa inu."

"Akavalo anga amaperekanso tiyi mlendo akabwera."

Anawathirira. A Denjiro anamwa mopumira, kenako anati Shiranami akuchoka. Mwini wake wamutumiza ku Hokkaido kuti azikabereka, ndipo lole ibwera Lamlungu masana.

"Lamlungu loyamba la Okutobala," anatero a Tomie.

"Ndiye ndapempha mphunzitsi wake. M'mawa wa tsikulo amuthamangitsa komaliza, mamita 2,000 onse, yekha. A Nukui, wokwera akavalo wakalekale uja, avomera kumukwera, ngakhale mawondo awo akulira ngati chitseko. Mubwere ndi chinsalu chanucho."

"Mjaha wa kavalo mmodzi? Mwakalamba mpaka mutu."

"Inu mwakhala mukupetera mjaha umene simunauonepo. Wamisala ndani apa?"

Lamlungulo kunacha kozizira, mphepo ya kunyanja ikuluma makutu. Mabenchi anali mbee. Panali osamalira akavalo ochepa atatsamira mpanda, ndi asodzi okalamba atatu amene nkhaniyi anaimvera kosambira. A Tomie analowa pachipata atakumbatira bokosi, ndipo miyendo inawatengera yokha ku kachipinda kaja.

"Kuti kumeneko?" anakuwa a Denjiro.

"Lamulo mukulidziwa. Mpango suona bwalo wopambana asanadziwike."

"Mayi inu! Akuthamanga yekha. Apambana ndani, ine?"

A Tomie anaima, nayang'ana asodzi aja. Wamkulu wa onse anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Boti ladzaza kale, Tomie-san," anatero. "Mbendera ituluke."

Anawaimika pampanda penipeni, pafupi ndi mzere womalizira. Kutsidya Shiranami ankaoneka ngati kadontho. Kavaloyo atanyamuka, a Tomie anadabwa kuti sakumva kanthu. Zaka zonsezi mjaha kwa iwo unali phokoso, koma apa kavalo ankangoyandama chete m'mbali mwa mpanda wakutali, ngati mthunzi wa mbalame pamadzi. Atakhota komaliza ndi pamene nthaka inayamba kulankhula. Anaimva m'mapazi, kenako m'mawondo, kenako bokosi linayamba kunjenjemera pachifuwa. Khosi lija, limene ankalidziwa litaima phee, linali litatambasuka ngati mkondo. Mphuno zitatseguka kwambiri, nthunzi ikutuluka, mchenga ukuulukira kumbuyo. Panali kamphindi kamene anaona ziboda zonse zinayi zili m'malere, thupi lolemera ngati anthu asanu ndi atatu lisakukhudza dziko paliponse. A Nukui, bambo a imvi, anali atabisa nkhope m'khosi mwake ngati khanda kumsana kwa mayi.

Mphepo ya kavaloyo inawamenya kumaso, ndipo Shiranami anali atadutsa.

"Onse aja ankathamanga chonchi?" anafunsa a Tomie.

"Onse. Nthawi zina khumi ndi awiri pamodzi," anayankha a Denjiro. "Tsekani pakamwa, mudya mchenga."

"Ine ndili m'chipinda kumwa tiyi wafumbi."

"Tinkakuuzani."

"Simunandiuze kuti amauluka!"

Shiranami anabwerera akuyenda, nthiti zikukwera ndi kutsika. A Tomie anatsegula bokosi. A Denjiro anagwira mbali ina ya mpango. Atamuveka, silika wofiira anayamba kudera ndi thukuta, ndipo ubweya wakuda wa m'mphepete unagona pakhosi la mwini wake. Asodzi atatu aja anawerama, osamalira akavalo n'kuomba m'manja. A Tomie nawonso anawerama pamaso pa kavaloyo, ndipo anakhalitsa asanaweramuke.

Lole isanafike, a Denjiro anapesa mchira wa Shiranami, n'kutambasula dzanja lodzaza ubweya monga ankachitira chaka chilichonse. Kenako anakumbukira, dzanja n'kuima m'malere.

"Pepani. Chizolowezi."

"Bweretsani kuno," anatero a Tomie.

Anafunsa kuti mwana woyamba wa Shiranami angabadwe liti. A Denjiro anati akatenga bere nyengo yamaluwa ikubwerayi, mwanayo adzaima pa miyendo yake chaka chotsatira. A Tomie anakulunga ubweyawo m'kampango ka m'manja. Mpango waukuluwo upita ku Hokkaido pamodzi ndi kavalo. Ubweyawu ausokerera pa kalamba ka kumutu kovala mwana wa kavalo, ndipo akakapereka okha, chifukwa akufuna kukaona akavalo akuthamanga m'busa, ambiri pamodzi. Ulusi wagolide unawathera, choncho Lolemba akwera sitima ya m'mawa kupita ku Kyoto kukagula wina.