Mgaiwa M'chaka cha Makuponi

Chaka chimene makuponi a feteleza anatifika bwino ku Njombwa, nkhokwe zinadzaza mpaka chimanga china tinachiunjika m'chigafa cha fodya. Ine ndinali nditanenepa, mimba patsogolo, ndipo anthu ankati banja likundiyanja. Tiyi wanga ankakhala ngati uchi. Ndikagulitsa fodya, masikono ndi zakumwa za m'botolo zinali za tsiku ndi tsiku. Koma ludzu silinkatha, kutaya madzi kosalekeza, ndipo posankha fodya maso ankachita chifunga.

Kuchipatala cha pa boma anandibaya chala n'kunena kuti ndi matenda a shuga. Anandipatsa mapiritsi, koma adokotala analankhula kwambiri ndi akazi anga kusiyana ndi ine. Ankadziwa amene amagwira mthiko.

Ufa woyera unathera pomwepo. Akazi anga ankapita kuchigayo ndi chimanga chosakonola n'kubwera ndi mgaiwa, umene kwathu tinkati ndi chakudya cha matenanti. Nsima yakenso ankandipatsa kamtanda kochepa. Mbale yaikulu inali ya ndiwo: bonongwe, chisoso, khwanya, nkhwani wotendera, nyemba. Shuga anachoka patebulo. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndiye ndinkalusa.

"Kodi ndine mbuzi kuti ndizingodya masamba?"

"Mbuzi simwa mapiritsi, bambo. Idyani."

Thupi linayamba kutsika, lamba n'kumuboola mabowo atsopano. Koma m'zaka zimenezo munthu akaonda, anthu sankafunsa, ankangotsinana. Akazi anga kwawo ndi ku Kaluluma, kuno anabwera chitengwa, choncho analibe wowaikira kumbuyo. Achemwali anga aakulu anayamba kulengeza kuti mlamu wawo akundipha ndi njala chimanga chili mbwee, mwinanso wandibweretsera matenda aja anthu ankaopa kuwatchula. Ndinawazazira mpaka mawu kusasa, koma sizinawalowe. Anaitanitsa ankhoswe kuti mkaziyo abwerere kwawo.

Tinakhala pamthunzi wa chigafa. Ndinafotokoza zimene adokotala ananena ulendo womaliza: shuga watsika, mapiritsi andichepetsera, ndipo tikapitiriza chonchi akhoza kudzandisiyitsa. Ndinati maso ayera, fodya ndikusankha ndekha.

"Achimwene, inu khalani chete," anatero achemwali. "Anakudyetsani kondaine, simungaone. Taonani makosi atulukawo!"

Nkhoswe ya kuchikazi inafunsa akazi anga ngati ali ndi mawu. Iwo anagwada, manja pamaondo. Ndinkayembekezera kuti adzitchinjiriza, kapena alira. Ayi ndithu. Anatembenukira kwa achemwali.

"Alamu, ngati banja latha, ine ndipita, sindilimbana nanu. Koma poti muziwaphikira ndinu, mundimvetse. Chimanga musakonole. Ndiwo zamasamba zisasowe, ngakhale m'chilimwe, mfutso ndasiya wokwanira. Akapempha shuga muwakanize, ngakhale akutukwaneni, ndipo adzakutukwanani. Pa ukwati muzikhala nawo pafupi, amaba zakumwa. Tsiku la kuchipatala muziwaperekeza, paokha amanama kuti apita. Mukadzaona akumwa madzi pafupipafupi, musadikire kuti kuche bwino."

Ine manyazi ndi chisoni zinandigwira nthawi imodzi. Munthu akuthamangitsidwa ngati galu, koma nkhawa yake ili pa mbale yanga! Misozi inatsika ankhoswe akuona, ndipo sindinaipukute.

Nkhoswe ya kwathu, malume okalamba osakonda zolankhulalankhula, anayang'ana achemwali.

"Mwaimva ntchitoyo. Muitha?"

Achemwali anatola kamtengo n'kumakanda pansi. Anandiyang'ana ine, anayang'ana mlamu wawo.

"Iii, ameneyu angamuthe ndani? Akhale naye yekha mwini wake."

Mlandu unathera pamenepo. Mvula yotsatira isanathe, adokotala anandisiyitsa mapiritsi, n'kundiuza kuti ndizibwerabe kudzayezetsa, ndipo ndimapita. Anzanga ena amene tinkakhala nawo pabenchi lachipatala anadulidwa miyendo, ena tinawaika. Ine ndikuyenda, ndikupalasa njinga, zidzukulu ndikuziona nkhope bwinobwino.

Kutchalitchi akatipatsa mpata wothokoza, ndimaimirira n'kuyamika Mulungu monga ayenera. Ndikamaliza ndimatembenukira kumbali ya amayi n'kuwathokoza akazi anga mokweza, mpingo wonse ukumva. Iwo amabisa nkhope m'chitenje, ndipo tikafika kunyumba amandikalipira kuti ndawachititsa manyazi. Andikalipire. Sindidzasiya.