Gawo Limene Ndinadula mu Filimu ya ku Jeremani

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pa makatani. Mayi anga ankasoka makatani a holo ya ku Matero, ndipo tsiku lina atadwala, ndinakapereka ndine. Ndinapeza mkulu woonetsa kanema, Ba Sakala, akulimbana ndi filimu yoduka. Ndinawagwirira mbali imodzi. Anayang'ana zala zanga, nati, "Ubwele pa Mande."

Anali pafupi kupuma pantchito, ndipo akomiti ya holo anandipatsa miyezi itatu yondiyesa. Sankakhulupirira kuti mkazi angagwire pulojekita, makina oonetsera kanema. Ndinaphunzira kulowetsa filimu m'mano a makina, kupukuta galasi, ndi kulumikiza poduka: kupala m'mphepete ndi lezala, kupaka guluu, kupanikiza mpaka kugwire. Ba Sakala ankakhala ndi maikolofoni, akumasulira nkhani m'Chinyanja.

Anali ndi chizolowezi chimodzi. Masiku amenewo achipani ankadana ndi tsitsi lalitali ndi masiketi aafupi, choncho filimu ikafika ankaikweza pawindo, n'kumayang'ana zithunzi. Akaona magitala ankalamula kudula, ndipo gawolo tinkalibwezera pokabweza filimu. Ankadula ndi maso okha. Mawu ake sankawamva n'komwe.

Loweruka lawo lomaliza tinali ndi filimu yobwereka ya ku Jeremani. Akomiti anakhala kutsogolo kuti aone ngati ndikuyenera kusiyiridwa makina. M'mawa Ba Sakala anali ataona anyamata a tsitsi m'gawo lomaliza. "Ivi ni va chongo, phokoso chabe. Dula." Ndinadula, ndikudzitama m'mtima kuti polumikiza sipakuoneka.

Nkhani inali ya mkulu wa ku positi amene anapuma pantchito. Ankadzukabe m'mamawa, kuvala chipewa, kenako n'kukhala pakhomo opanda kopita. Anthu anaseka pamene anayamba kusanja makalata akale a mkazi wake. Anasekanso pomwe ankamenya khoma ndi tsache chifukwa cha phokoso la achinyamata oyandikana naye. Kenako anatenga lipenga lake la kutchalitchi, natsika masitepe atakwiya. Pomwepo filimu inatha.

Holo inaphulika ndi phokoso. Mayi wina wogulitsa kapenta anaimirira. "Manje mudala ayenda kuti na lipenga? Mwatibela!" Wapampando wa komiti anatembenuka n'kundiyang'ana ine, osati Ba Sakala. Ndinachita mantha, komanso ndinapsa mtima, chifukwa ndinali nditangomvera lamulo.

Sindinapemphe chilolezo. Ndinatulutsa gawolo m'chitini, ndinapala, ndinamata, anthu akuimba likhweru. Guluu woyamba sanagwire poti zala zinali thukuta lokhalokha. Wachiwiri anagwira.

Filimu itayambanso, mkulu wa ku positi uja analowa m'chipinda cha achinyamata oimba magitala kuti awakalipire. Iwo anamukokera mpando. Anamvetsera nthawi yaitali, nkhope ili gwa, kenako anaika lipenga pakamwa. Poyamba anaphonya, holo yonse n'kufa ndi phwete. Kenako lipenga linapeza njira pakati pa magitala, ndipo kuseka kunatha.

Ba Sakala sanamasulire chilichonse. Maikolofoni inali pamiyendo pawo. Ndinawayang'ana m'kuwala kwa makina, ndipo mkwiyo wanga unasanduka chisoni. Ndinadziwa kuti Lolemba nawonso adzadzuka m'mamawa, opanda kopita.

Ntchito ndinapatsidwa, ngakhale wapampando anadandaula za tsitsi lija. Kuyambira pamenepo sindinadulenso filimu ndisanaionere yonse, mawu atatsegulidwa, ndipo aliyense amene ndinamuphunzitsa ndinamuuza zomwezo.

Anthu atatuluka, dzuwa likadalipo, Ba Sakala anandipatsa makiyi ndi lezala. Ndinayamba kuzimitsa makina. Iwo anakoka benchi, nakhala pakati pa holo, malo amene sanakhalepo m'zaka zonse za ntchito yawo.

"Usazime," anatero. "Ikako futi paja pa lipenga. Nifuna nimvele bwino."