Galu wathu Jeki ndi mbale ya madzi

Ndikukumbukira m'mawa wina ndili Sitandade 4, chifunga chitagona pa minda ya tiyi, mitu ya othyola tiyi ikuoneka ngati ikuyandama. Galu wathu Jeki ankadumphadumpha m'mizere pothamangitsa gulugufe. Analira kamodzi kokha, nkugwa. Podzuka, miyendo yakumbuyo inkangokhwekhwereka.

Kumalayini, kumene tinkakhala ife a pa esiteti, nkhani sinachedwe. Galu wofa miyendo ndiye kuti ndi wachiwewe, ndipo wachiwewe sakhalitsa. Ababa anatenga chingwe ndi khasu.

"Ababa, musamuphe! Onani, akugwedeza mchira," ndinalira.

Ababa anaika khasu pansi. Kenaka anathira madzi m'mbale nkumuikira, poti kwathu amati galu wachiwewe amaopa madzi. Jeki anamwa mpaka kunyambita mbale.

"Wapulumuka lero," anatero ababa. "Tsiku lomwe akane madzi, usadzandilirire."

A zaziweto atabwera kuchokera ku Makwasa anamutsina zala, nkumupapasa msana. Anati si chiwewe ayi: kachidutswa ka mnofu wolimba wa pakati pa mafupa a msana katseka mtsempha wa magazi, monga sitiroko ya anthu. Mankhwala panalibe, koma kumuyendetsa basi. Ababa anangoti, "Tamva," koma mbale ya madzi sanaisiye.

Ndinkamukoleka Jeki chitenje cha amayi pamimba, ine nditagwira nsonga zake, tikuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa tiyi wonyowa ndi mame. Amayi ena, madengu kumsana, ankandiseka. "Iwe, mwana wakoyo ayamba liti kukwawa?" M'chifunga muja ndinkangomva fungo la masamba ndi kupuma kwa galu wanga, ndipo ndinkaona ngati dziko lonse latsala la ife awiri.

Mvula isanathe Jeki anaima yekha, ndipo anayenda mopendama mpaka ukalamba wake.

Kunena zoona, nyengo imeneyo ndinkadana nawo ababa. Ndinkawaona ngati munthu wongodikira mpata wopha. Zoona zake ndinadziwa nditakula, iwo atamwalira kale, azakhali atandiuza kuti mchemwali wa ababa wamng'ono anafa ndi chiwewe, atalumidwa ndi galu wapakhomo amene ankamukonda. Anali wa msinkhu womwewo umene ine ndinali nawo Jeki atadwala.

Tsopano ndimamvetsa. Ababa ankaona mwana wawo wamkazi akukumbatira galu wodwala m'mawa uliwonse, mtima uli m'mwamba, ndipo anandilola.